Fayilo Yafufutika Pakompyuta: Ingabwererenso?

Kompyuta si chinthu chachilendonso m'mbali mwa nyanja muno. Mphunzitsi wa pa Bandawe amalemberapo mayeso ndi kusungamo malikisi a ana. Mlembi wa mpingo ali ndi kaundula wa akhristu ndi zopereka. Mwini malo ogona alendo pa Kande amasungamo maina a alendo ndi ndalama zolowa, ndipo mnyamata wojambula maukwati pa Chintheche, ntchito yake ya mwezi wathunthu imakhala m'kakhadi kamodzi ka m'kamera. Ambiri mwa anthu amenewa ali ndi kope limodzi lokha la zinthu zawo. Chala chikangoterereka, mafunso amene amabwera ndi awa.

Ndafufuta foda mwangozi. Ndichite chiyani pompano?

Musathamange. Ngati mwangofufuta kumene, dinani Ctrl ndi Z pamodzi, nthawi zambiri foda imabwerera pomwepo. Zikakanika tsegulani Recycle Bin, pezani fodayo, dinani batani lakumanja la mausi ndi kusankha Restore. Musaiwalenso kulemba dzina lake pamalo ofufuzira, chifukwa mafoda ambiri amene anthu amawalira sadafufutike ayi, adangokokedwa mosadziwa n'kukagwera m'kati mwa foda ina.

Ngati konseko kulibe, siyani kugwiritsa ntchito chipangizocho. Ngati ndi fulashi kapena memori khadi, ichotseni muisunge. Musajambulenso chithunzi ngakhale chimodzi ndi khadi imeneyo. Ngati fayilo idali m'kompyuta mwenimwenimo, musaikemo nyimbo, musatsegule intaneti, ithimitseni mpaka mutadziwa chochita. Windows imalemba tinthu take padisiki nthawi zonse ngakhale inu mutangokhala chete n'kumaiyang'ana, ndiye mphindi iliyonse imene ikuyaka ikukudyerani mwayi.

Zimatheka bwanji kuti chinthu chofufutidwa chipezekenso?

Chifukwa kompyuta ikamafufuta siipukuta malo amene fayilo idakhala. Disiki iliyonse ili ndi kaundula wake wosonyeza dzina la fayilo ndi pamene yasungidwa. Mukafufuta, kompyuta imangolemba m'kaundulamo kuti malo awa tsopano alibe mwini. Zili ngati munda wa chinangwa umene a mfumu alengeza kuti aliyense angathe kulimapo: chinangwacho chikadali m'nthaka, ndipo mwini wake atafulumira akhoza kukumba chonse, koma wina akayamba kugalauza, chimene khasu lakhudza chapita. Fayilo yatsopano iliyonse imene mukusunga ikhoza kugwera pamalo omwewo. N'chifukwa chake nthawi zina chithunzi chimabwerera theka, kumunsi kuli mizere yotuwa: mbali ina idalembedwapo kale zina.

Dziwaninso kuti si zonse zimadutsira mu Recycle Bin. Zimene mwafufuta pa fulashi kapena pa memori khadi sizipitamo. Zimene mwafufuta mutadina Shift ndi Delete sizipitamo. Fayilo yaikulu kwambiri, monga kanema wa ukwati, Windows imakufunsani ngati mukufuna kuifufutiratu, ndipo ambirife timangodina Yes tisadawerenge.

Ndi mapulogalamu ati amene angandithandize, ndipo ndi a ndalama zingati?

Atatu odziwika bwino ndi aulere. Yosavuta ndi Recuva. Imakufunsani mtundu wa zimene zatayika ndi kumene zidali, kenako imaonetsa mndandanda wa zimene yapeza, fayilo iliyonse ili ndi kadontho: kobiriwira ngati ili bwino, kofiira ngati idawonongeka kale. Ikapanda kupeza kanthu, ili ndi njira ina yotchedwa Deep Scan imene imatenga nthawi yaitali, mwina maola angapo, choncho yambani batire lili lodzadza.

Yachiwiri ndi PhotoRec, imene adalemba Christophe Grenier wa ku France. Maonekedwe ake ndi osakopa, koma pa makhadi a kamera ine ndimaikhulupirira kuposa zinzake. Siisamala za kaundula uja, imasanthula disiki yonse kufunafuna zizindikiro za chiyambi cha chithunzi, kanema kapena chikalata. Vuto lake n'lakuti maina samabwerera. Mudzapeza mafayilo mazanamazana okhala ndi manambala okhaokha, ndipo muyenera kuwatsegula amodziamodzi. Yachitatu ndi Windows File Recovery ya kampani ya Microsoft, ya pa Windows 10 ndi 11, koma imafuna munthu wozolowera kutaipa malamulo pakompyuta.

Pali malamulo awiri osasweka. Pulogalamuyo musaiike padisiki imene mwataya zinthu: ikopereni pakompyuta ya mnzanu n'kuiika pa fulashi. Ndipo zimene zapezeka zisungeni kwina, osati pamalo omwe zikuchokera. Ambiri amalakwitsa apa, amapulumutsa mafayilo khumi oyamba n'kuwasunga pamwamba pa ena amene amayembekeza kupulumutsidwa.

Chenjeraninso ndi mapulogalamu amene amakuonetsani zinthu zanu zonse kenako n'kunena kuti mulipire ndi khadi la ku banki kuti muzitenge. Ena mwa iwo ndi abwinobwino, koma yambani mwayesa aulerewa.

Ndidapita ndi fulashi kokasindikiza mapepala. Pobwerako mafoda onse asanduka ma shortcut. Zafufutika?

Kawirikawiri ayi. Imeneyi ndi vayirasi yofala kwambiri m'malo osindikizira ndi obenera nyimbo, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu ambiri tsiku lililonse. Imabisa mafoda anu enieni n'kuika zithunzithunzi zake m'malo mwake, kuti mukadina ifalikire. Umboni wake ndi uwu: yang'anani kukula kwa malo ogwiritsidwa ntchito pa fulashiyo. Ngati akuonetsabe kuti muli katundu, zinthu zanu zilimo.

Musadine ma shortcut amenewo ndipo musafomate. Yambani mwaipima ndi antivayirasi. Kenako tsegulani Command Prompt, mutaipe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndi kudina Enter, koma m'malo mwa E muike chilembo chimene kompyuta yanu yapatsa fulashiyo. Mafoda obisikawo amaonekeranso, nthawi zina ali m'foda yopanda dzina. Akopereni kwina, ndiyeno mufomate fulashiyo.

Ndi bwino kukhala ndi fulashi imodzi yoyenda nayo kosindikiza, yokhala ndi chikalata cha tsiku limenelo basi.

Kompyuta ikunena kuti ndifomate disiki ndisadaigwiritse ntchito. Ndivomere?

Kanani. Uthenga umenewu umatanthauza kuti kaundula uja wasokonezeka, mwina chifukwa fulashi idazulidwa ikulemba kapena magetsi adazima pakati pa ntchito. Mafayilo amakhala alipo, ndipo PhotoRec kapena inzake yotchedwa TestDisk ikhoza kuwatulutsa.

Ngati mudavomera kale, musataye mtima. Quick Format imangolemba kaundula watsopano wopanda kanthu, zambiri zimatsala pansi pake. Koma kufomata kwathunthu, kumene kumatenga nthawi yaitali, kuyambira pa Windows Vista kumalemba maziro padisiki yonse. Pamenepo palibe katswiri amene angabweze kanthu.

Mnzanga zidamuyendera, ine pa laputopu yatsopano sizikutheka. Chifukwa chiyani?

Mwina laputopu yanu ili ndi SSD. Ma hard disk akale ali ndi mbale zozungulira m'kati ndipo amasiya zofufutidwa zili pomwepo mpaka malowo atafunika. SSD ilibe chozungulira, n'chifukwa chake imathamanga, koma kuti isamachedwe imayeretseratu malo. Windows imaitumizira lamulo lotchedwa TRIM, ndipo pakangopita kanthawi kochepa zofufutidwazo zimatheratu. Recuva ikhoza kukuonetsani dzina la fayilo, koma potsegula mupeza mulibe kanthu.

Mafoni a masiku ano nawonso ndi ovuta. Zosungidwa m'kati mwa foni zimakhala zokhomedwa mwachinsinsi, ndiye fayilo ikafufutika kuipezanso n'kwapatali. Chiyembekezo chili mu Trash kapena Recently deleted ya mu Gallery kapena Google Photos, mmene zithunzi zimadikira masabata angapo. Timapulogalamu tolonjeza kubweza zithunzi za m'foni nthawi zambiri timangotola tizithunzi tating'ono tosaoneka bwino. Njira ina imene anthu amaiwala ndi abale. Chithunzi cha maliro a agogo kapena cha nyumba imene mukumanga, ngati mudatumizira mchimwene wanu ku Joni pa WhatsApp, chili m'foni mwake. Chidzabwera chochepako mphamvu, komabe chabwera.

Apa mfundo ndi yowawa koma yoona: zipangizo zikamka zitsogola, mwayi wobweza chofufutidwa ukumka uchepa.

Magetsi adazima ndisadaseve. Ntchito ya usiku wonse yapita?

Tsegulaninso Word, kawirikawiri imaonetsa kumanzere chikalata chimene idasunga yokha, chifukwa imachita zimenezi mphindi 10 zilizonse ngati simudasinthe. Ikapanda kuonetsa, pitani pa File, Info, Manage Document, kenako Recover Unsaved Documents. Excel ilinso ndi njira yofanana. Chikalata chipatseni dzina musadayambe kulemba, ndipo chala chizolowere Ctrl ndi S.

Nanga disiki ikayamba kulira, kapena laputopu ikanyowa?

Apa pulogalamu singathandize, ikhoza kungowonjezera vuto. Hard disk yolira kuti tcha-tcha-tcha yawonongeka m'kati, ndipo kuiyatsa mobwerezabwereza kumakanda mbale zimene zasunga zinthu zanu. Musaitsegule, kafumbi kamodzi kakhoza kuimaliza. Makampani otsegula madisiki m'zipinda zopanda fumbi alipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town, koma mtengo wake ukhoza kuposa wa laputopuyo, ndipo salonjeza kuti zitheka.

Laputopu yonyowa, kaya ndi mafunde pa boti la ku Usisya kaya ndi denga lodontha, musaiyatse kuti muone ngati ili moyo. Chotsani batire ngati limachoka. Nthawi zambiri chimene chimafa ndi bolodi, disiki imakhala ili bwino. Wokonza makompyuta ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu akhoza kuichotsa, kuiika m'kabokosi ka USB ndi kukopera zinthu zanu. Muuzeni momveka kuti chimene mukufuna ndi mafayilo, chifukwa ena amafulumira kuika Windows yatsopano kuti makina ayake, ndipo potero amakwirira zonse.

Boma lathu la Nkhata Bay ndi la mvula yambiri, chinyontho ndi mphezi. Mawaya amachita dzimbiri, nyerere zimamanga m'makina, magetsi amabwera ndi mphamvu akakhala kuti adazima. Kompyuta kuno imakalamba msanga kuposa ya mu ofesi yozizira ku Lilongwe.

Ndimamva kuti kope lina la zinthu zanga lizikhala kutali. Kodi kulisunga m'kabati ya mu ofesi sikokwanira?

Mbiri ya dera lino imayankha bwino funso limeneli. Mishoni ya Livingstonia idasamukira pa Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, ndipo mu 1894 likulu lake lidakwera ku Khondowe. Azungu a mishoniyo ankalemba makalata ndi malipoti kawirikawiri n'kumatumiza kwawo. Lero zambiri mwa zolembazo zili ku National Library of Scotland mumzinda wa Edinburgh, ndipo olemba mbiri monga John McCracken adazigwiritsa ntchito pofotokoza za Atonga, za masukulu oyamba ndi za mpingo wa m'mbali mwa nyanja. Zidapulumuka ku chiswe, chinyontho ndi moto chifukwa zidali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu.

Tsopano taonani za boma la atsamunda. Mu Febuluwale 1919 moto udapsereza maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa Nyasaland zidathera pomwepo. Mpaka lero wofufuza mbiri akapita kosungira zakale ku Zomba amapeza mpata waukulu pa zaka za m'mbuyo mwa 1919. Ndipo pa 18 Disembala 2015, laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu idapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Mabuku amene adasindikizidwa kwina adatha kupezekanso kudzera mwa akufuna kwabwino. Chimene chidali m'nyumba imeneyo mokha sichidabwerenso.

Fulashi yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa limodzi ndi laputopuyo. Hard disk ya m'kabati ya mu ofesi imapsa pamodzi ndi ofesiyo. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, adatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kumalo ena. Mwa manambala atatuwa, imene ife timainyalanyaza kwambiri ndi yomalizayo, pamene ndi imene siifuna ndalama. Mphunzitsi wamkulu akhoza kusunga kope kunyumba kwake. Mlembi wa mpingo akhoza kusiya lina kwa abusa kapena kwa msungichuma. Wa pa Mpamba akhoza kusiya kwa mlongo wake ku Mzuzu akapita kukagula katundu.

Bandulo ndi yodula, ndipo kwathu netiweki imavuta. Backup ingatheke bwanji?

Siyanitsani zimene zingapezekenso ndi zimene sizingapezekenso. Mafilimu ndi nyimbo mukhoza kukabenetsanso. Malikisi a ana, kaundula wa banki mkhonde, kalata ya malo, satifiketi, zithunzi za makolo amene adatisiya, zimenezi kulibe kokazigula. Mukazisonkhanitsa m'foda imodzi mudzadabwa kuchepa kwake. Zikalata za Word ndi Excel za chaka chonse kawirikawiri sizifika ngakhale kukula kwa filimu imodzi.

Foda imeneyo ikopereni pa fulashi kapena pa hard disk ya panja, ndipo dzina lake likhale ndi deti, kuti kope la mwezi uno lisafufute la mwezi watha. Windows ili ndi File History, imene mukaiyatsa imakopera yokha nthawi iliyonse mwalumikiza disiki ya panja, ndipo imasunganso mmene chikalata chidalili musadachisinthe. Pa intaneti, akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB ndipo OneDrive imapereka 5 GB. Wa ku Usisya sayenera kukhala pa intaneti tsiku lililonse. Akatsikira ku Nkhata Bay kapena kukwera ku Mzuzu, atumize fodayo pa Drive, kapena angodzitumizira yekha zikalata zofunikazo pa imelo.

Za mafulashi ndinenepo mawu amodzi. Pamsika pali achinyengo, olembedwa 64 GB pamene m'kati ndi ang'ono kwambiri. Amalandira zonse zimene mukuika osadandaula, koma akadzadza amayamba kulemba pamwamba pa zakale, ndipo mumadzazindikira tsiku limene mukuzifuna. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamayesa kukula kwenikweni. Yesani fulashi ikadali yatsopano. Ngakhale yeniyeni imafa mosachenjeza, choncho isakhale yokha.

Ndipo pepala musalinyoze. Malikisi a kumapeto kwa teremu ndi kaundula wa ubatizo zisindikizeni, zikhale mufayilo ya pashelefu.

Ndili ndi Google Drive pakompyuta. Ndiye kuti ndatetezeka?

Mbali ina. Ngati foda yanu imayendera limodzi ndi Drive kapena OneDrive, chimene mwafufuta pakompyuta chimafufutikanso kumeneko. Chimakadikira mu Trash masiku 30, kenako chimapita. Choncho njirayi imakutetezani kwa akuba ndi ku moto, koma ku chala chanu chomwe imakutetezani mwezi umodzi wokha.

Vuto lina, limene ndimaliona lalikulu kuposa onse kuno, ndi pasiwedi. Anthu ambiri akaunti yawo ya Google adawatsegulira ndi mnyamata wogulitsa mafoni, ndipo sadziwa ngakhale dzina lake. Foni ikatayika m'nyanja, zithunzi ndi backup ya WhatsApp zimakhala zilipo ndithu, koma mwini wake alibe kiyi. Lembani imelo ndi pasiwedi papepala, mulisunge kumene mumasunga zikalata zofunika. Nambala ya Airtel kapena TNM imene mudalembetsera akauntiyo musailole kufa, chifukwa ndi kumene uthenga wotsimikizira umabwera.

Disiki ya backup isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse. Pali mavayirasi amene amakhoma mafayilo onse n'kufuna dipo, ndipo amakhomanso disiki iliyonse imene aipeza yolumikizidwa. Si nkhani ya kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makina opangira mapasipoti ndipo ankafuna dipo, pamene anthu adakhala masabata osalandira mapasipoti. Mukamaliza kukopera, zulani disiki muiike padera. Potero mwaitetezanso ku mphezi.

Ndizichita kangati, ndipo ndingadziwe bwanji kuti backup yanga ili bwino?

Dzifunseni kuti ndi ntchito ya masiku angati imene mungapirire kuibwereza. Wophunzira amene akulemba kafukufuku wake azikopera tsiku lililonse. Ofesi ya sukulu kapena ya mpingo, Lachisanu lililonse. Wojambula maukwati asafomate khadi mpaka zithunzi zitakhala m'malo awiri. Pagulu pasankhidwe munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchitoyi ndi yake, ndipo pamsonkhano azifunsidwa monga mmene amafunsidwira msungichuma.

Kudziwa kwake n'kutsegula. Mu 1998 ku kampani ya Pixar wina adataipa lamulo limene lidafufuta gawo lalikulu la filimu ya Toy Story 2 ikadali m'kati mopangidwa. Adathamangira ku backup n'kupeza kuti idali itasiya kale kugwira bwino ntchito popanda wozindikira. Filimuyo idapulumuka chifukwa mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, ankagwirira kunyumba atabereka mwana ndipo adali ndi kope pakompyuta yake. Kamodzi pamwezi tengani fulashi kapena disiki yanu, muilumikize pakompyuta ina, mutsegule mafayilo angapo akale ndi atsopano, muone ndi maso anu kuti akuwerengeka.

Ndikufuna kugulitsa laputopu yanga. Ndafufuta zonse. Wogulayo angazipeze?

Inde, ndi mapulogalamu omwe tatchula aja. Zithunzi za banja, makalata a ku banki, maina a odwala kapena a ana a sukulu, zonse zikhoza kutuluka. Mukatsimikiza kuti makope anu ali bwino, gwiritsani ntchito Reset this PC, musankhe Remove everything, ndipo muyatse pamene alemba za kuyeretsa disiki. Fulashi ndi memori khadi zifomateni mutachotsa chizindikiro pa Quick Format. Khadi yakufa imene idali ndi zinsinsi za anthu musaitaye kudzala ili yathunthu, ithyoleni.